Ana a ku Yunivesite Anavala Zitenje Zanu

Amayi, kodi kumene muliko mukudzukako bwanji? Ife kuno tilipo, kungoti tikukusowani. Ndachedwa kukulemberani, musandikwiyire. Ndimati ndiyambe ndaona kumene nkhani ya Asiyatu ikulowera, pakuti ndimakudziwani, munthu akakubweretserani nkhani yopanda mathero munkamubweza nayo.

Ndiyambe ndi zapakhomo. Akazi awo a achimwene a Twaibu anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi, ndipo anamupatsa dzina lanu. Zikuoneka kuti watengera ndi mawu omwe, chifukwa kakayamba kulira anthu a kusiteshoni amadziwa kuti kadzuka. Chimanga chaka chino chatikana. Mvula inadula chikumasula ngaiyaye, mbozi n'kumalizitsa zotsalazo. Koma nandolo wa m'munda mwanu muja, kuseri kwa njanji, waima bwino moti odutsa amafunsa kuti mbewu yake tinaitenga kuti. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, koma khalidwe silinasinthe. Inalowanso m'dimba la eni ake ndipo achimwene atopa n'kupepesa.

Nkhani inayi mwina mwaimva kale, chifukwa eni ake akupezani kumeneko. Abiti Sumani, anzanu aja munkagulitsa nawo nthochi ndi zitumbuwa m'mawindo a sitima pa Nkaya, anatisiya mwezi wathawu. Ngati ayamba kale kukusimbirani za maliro awo, mvetserani koma muchotseko theka, mukuwadziwa anzanuwo pothira mchere. Zenizeni ndi izi ndikulembazi.

Asiyatu, mdzukulu wanu amene munamulera kuchokera pamene achemwali anatisiya, anali asanapondekonso ku Nkaya chichokereni inu. Tsiku lija iye anali m'chipinda cha mayeso, foni ili m'chikwama panja. Inu munapita m'mawa, ndipo monga mwa chipembedzo chathu, dzuwa lisanapendeke kwenikweni amuna anali atabwerako kumanda. Palibe amene analakwa. Koma mwanayo potuluka anapeza uthenga woti anganga ake aikidwa kale, mayeso ena akumudikira mawa lake. Anakhala n'kulemba, ndipo anakhoza. Kenako manyazi ndi mkwiyo zinamugwira pamodzi. Ku sadaka yanu sanabwere, patchuthi ankangodzitsekera kwa ine kutauni. Ndiye teremu yapitayi itayamba anandiuza kuti akaitsiriza akusiya sukulu, pomwe kwangotsala chaka chimodzi. Mnzake wina wamupezera ntchito yam'nyumba ku Joni.

Ndinayesa kumunyengerera, iye anangondiyang'ana n'kunena kuti, “Amayi aang'ono, sukuluyi inandimana kutsanzikana ndi anganga. Ndiye indipatsa chiyani? Amene anamaliza kale si awo akugulitsa mayunitsi pa Balaka?”

Zinandipweteka kawiri, Amayi, chifukwa funso limeneli ndi limene a ku yunivesite anandilembera ntchito kuti ndiziyankha. Mukukumbuka tsiku lija ndinkavutika kukufotokozerani zimene ndimachita ku yunivesite? Ndinati ndimakhala pansi ndi aphunzitsi, tione ngati zimene akuphunzitsa m'kalasi zingamuthandize mwana akafika pantchito, ndipo ndimayendanso kwa olemba ntchito kukamva zimene akufuna. Inu munali mukusenda nthochi zazitumbuwa, ndipo munati, “Ndiye kuti ndiwe nkhoswe basi, ukwati wake wa buku ndi khasu.” Munaonjezanso kuti nkhoswe sathokozedwa banja likamakoma, koma likavuta woyamba kutukwanidwa ndi iye. Munanena zoona, ndatukwanidwa mokwanira.

Kalasi ya Asiyatu imaphunzira za ulangizi wa zaulimi kwa bambo ena achikulire, a Mulepa. Ndi munthu wabwino mtima, jekete sachotsa ngakhale kutenthe bwanji, ndipo mapepala amene amaphunzitsira anafiira ndi ukalamba. Ana anawapatsa dzina loti a Chaputala, chifukwa ukawafunsa chilichonse, ngakhale nthawi, yankho limayambira pa chaputala chakutichakuti. Olemba ntchito akhala akundidandaulira kuti ana athu amadziwa kutanthauzira mawu aliwonse, koma akafika pamudzi amangoima ndi kope m'manja kudikira kuti wina awabweretsere mpando. Nditawauza zimenezi a Mulepa, nkhope inagwa. Anati iwo anayamba kuphunzitsa ine ndisanatuluke ku pulayimale, ndipo yunivesite si posulira makasu.

Sindinalimbane nawo. Munkanena kuti munthu wamkulu sumukoka kutsogolo, umayenda naye pambali. Ndinaonanso kuti kuuma kwawoko kunali mantha chabe, mantha a munthu amene akuganiza kuti akuuzidwa kuti zaka zake zonse wagwira ntchito yopanda pake. Ndiye tsiku lina ndinangowafunsa kuti mwana wa m'kalasi mwawo akafika pantchito tsiku loyamba, amafuna azitha chiyani. Anati amafuna kuti alimi azimukhulupirira. Ndinafunsa kuti zimenezo ana amaziyesera sabata iti. Anaseka n'kunena kuti ndawatchera msampha. Pamapeto pake anavomera kuti titenge kalasi yonse tikacheze ndi alimi a kopaletivi ya nandolo, ija achimwene a Twaibu ali m'komiti. Sindikubisirani, Nkaya ndinaisankha dala. Ulendowo unali wa malikisi, ndiye Asiyatu sakanaukana.

Tinanyamuka m'mawa pa basi ya sukulu. Titasiya tala n'kuyamba msewu wafumbi, ana ankaimba n'kumajambulana, koma Asiyatu anakhala kumbuyo kwenikweni, mutu atatsamiritsa pagalasi. Tikuyandikira kumudzi tinapeza masamba atayalidwa chopingasa msewu. Dalaivala anachepetsa liwiro, nyimbo zinatha zokha. Achimwene anatichingamira n'kutiuza kuti Abiti Sumani amwalira m'bandakucha, aikidwa tsiku lomwelo ikatha swala, mapemphero amasana aja, ndipo msonkhano wathu walephereka.

A Mulepa anapepesa mwaulemu, kenako anafunsa ngati sipangapezeke alimi angapo amene si abale a malemuwo, tikakhale nawo kuseri kwa nyumba yosungira nandolo kanthawi kochepa, poti tachokera kutali. Ine ndinafuna nthaka ing'ambike. Achimwene anayang'ana pansi n'kunena kuti, “Iyayi bambo, pepani. Lero kuno kulibe amene si m'bale.”

A Mulepa anatembenuka n'kuuza ana amene anali atatsika kuti akwere tizibwerera. Mtima wanga unagwa, Amayi. Asiyatu anali asanasunthe n'komwe pampando, ndipo ndinadziwa kuti basi imeneyi ikatembenuka, mwanayu Nkaya sadzaionanso. Ndinawatengera a Mulepa pambali n'kuwafunsa kuti, “Bambo, munati mukufuna alimi aziwakhulupirira anawa. Nanga mlangizi akafika pamudzi n'kupeza masamba pamsewu, amatani?”

Anayang'ana masambawo nthawi yaitali. Iwo kwawo ndi ku Phalombe, ndi a tchalitchi, koma maliro ndi maliro. Kenako ananena chapansipansi kuti, “Kwathu munthu wolambalala maliro sitimubwereka ngakhale nkhwangwa. Zimenezi ndazidziwa moyo wanga wonse, mayi, koma sindinaganizepo kuti n'zolowa m'kalasi.” Anauza ana kuti atsike onse, makope asiye m'basi.

Apa panabuka vuto lina. Atsikana ambiri anali m'mathalauza, mitu ili pamtunda, ndipo sakanalowa pasiwa ali choncho. Ndinakumbukira zitenje ndi mipango yanu imene azimayi apamudzi anapatula tsiku la sadaka kuti ndi gawo la Asiyatu, imene inakhala m'sutikesi mwanu kudikira mwini wake. Ndinakwera m'basi, ndinakhala pambali pake n'kumuonetsa makiyi a nyumba yanu. Ndinamuuza kuti anzake akusowa zovala, koma ine sindingabwereketse zinthu zimene si zanga. Anandiyang'ana ndi diso lanu lija, lija munkayang'ana nalo munthu wonenerera nthochi mopanda manyazi. Ndinaganiza kuti akana. Koma anatenga makiyiwo n'kutsika.

Chitseko chinavuta pang'ono, chiswe chayamba kudya felemu. M'nyumba munali fumbi, dengu lanu la kusiteshoni lili pamsomali pomwe munalisiya. Asiyatu anagwada pa sutikesi, anatsegula, ndipo anaika nkhope pachitenje chapamwamba, chija chamaluwa obiriwira munkachikonda Lachisanu, tsiku la Juma. Anakhala choncho, ife tonse tikudikira pakhomo. Atadzuka anayamba kugawa, uyu chitenje, uyu mpango. Wina wokulira m'tauni chinkangomuvuka, ndipo Asiyatu anamumanga yekha m'chiuno akumuseka kuti digiri imeneyi akaitenga bwanji chitenje chikumulaka.

Kenako anayamba kuwalangiza, popanda womutuma. Anati nsapato asiye panja, alowe atawerama, akhale pansi atatambasula miyendo, asapereke moni mokweza, asafunse kuti malemuwo amadwala chiyani, ndipo foni isaoneke m'manja mwa munthu. Anyamata anawauza kuti asadikire kupatsidwa ntchito, akaona nkhwangwa ili pansi aitole. A Mulepa anaima pakhonde akumvetsera, akugwedeza mutu ngati mwana wa sukulu.

Amayi, mukanaona. Atsikana anandandana kupita kumjigo ndi zidebe, anyamata akuwaza nkhuni mpaka matuza. A Mulepa anavula jekete lija, zimene ana akuti sanazionepo, n'kukhala pansi pafumbi pakati pa amuna. Pamene jeneza yonyamulira maliro inanyamuka anthu akulandizana, nawonso anaikapo phewa, nsapato zawo zosongoka zija zikuterereka mumchenga. Ndipo amayi a pasiwa anazizindikira zitenje zanu. Ndinawaona akukodolana, ena akumwetulira misozi ili m'maso. Ankanong'onezana kuti Abiti Jafali, kunena inuyo, abwera kudzaperekeza anzawo, ndipo abwera ambirimbiri.

Amuna atapita kumanda ife tinatsala pasiwa, monga mwa nthawi zonse. Apo ndi pamene Asiyatu anagonja. Anayamba ndi kusisima, kenako analira ngati mwana, akuitana inu. Mayi wina anafuna kumutontholetsa poti zinali zitapitirira, koma achemwali awo a Abiti Sumani, eni ake maliro, anatambasula dzanja n'kumuletsa.

“Msiyeni,” anatero. “Awa ndi maliro a anganga ake. Wangochedwa kufika.”

Anasendera n'kumupatsa malo pamphasa ya anamfedwa, pakati pawo penipeni, ndipo anamugoneka pamiyendo. Amayi amene ankabwera kudzapepesa ankapepesa onse awiri. Ine ndinalira mpaka mutu kupweteka, ndipo sindinachite nazo manyazi ngakhale ana a sukulu ankandiona.

Tisananyamuke, apampando a kopaletivi anawaitana a Mulepa. Anati alangizi ambiri amabwera ndi magalimoto, akapeza maliro amatembenuka, ndipo akabweranso amadabwa kuti pamsonkhano pafika anthu ochepa. Ndiye anapempha kuti nthawi yokolola nandolo ikafika, awatumizire ana angapo akakhale nawo nyengo yonse yogula, aphunzire kusankha ndi kusunga mbewu, nawonso awathandize nkhondo ya anankafumbwe. Ine ndakhala ndikugogoda m'maofesi kupempha malo otere, ndipo sindinaganizepo kuti ndidzawapeza pamaliro.

Chibwerereni kumeneko a Mulepa asintha, ngakhale za chaputala sanasiye. Tsopano amabwera okha ku ofesi kwanga. Takhala pansi n'kuunikanso phunziro lawo sabata ndi sabata, tikufunsana kuti apa mwana akutengapo chiyani choti akagwiritse ntchito. Zambiri za m'mapepala ofiira aja tazisiya momwemo, chifukwa n'zabwino, zimangosowa pokaziyesera. Sabata yoyamba tsopano ikhala ya kalowedwe ka pamudzi. Anabweretsanso anzawo awiri, wina wophunzitsa zowerengera ndalama, amene anandifunsa mwamanyazi ngati ana akenso angapezeredwe kopita. Si onse amene akondwa, ena akuti ndikufuna kusandutsa yunivesite kukhala sukulu ya zaumisiri, koma ndikuyenda nawo pang'onopang'ono.

Za Joni sindinamufunsenso Asiyatu. Ndinkaopa kuti ndikafunsa ndidzutsa zimene zagona. Teremu inatha, mnzake uja anaimba foni kangapo, ndipo ndinamva kuti malo aja anapatsa wina. Sindikunamizani kuti mwanayu ntchito waipeza, zinthu n'zovuta ndipo amene ananena aja akugulitsabe mayunitsi pa Balaka. Koma sabata yathayi a Mulepa anandiuza kuti pa ana opita ku Nkaya, woyamba kudzipereka anali iyeyo, ndipo wawafunsa mabuku oti aziwerenga pokonzekera chaka chomaliza.

Dzulo ndikuphika anabwera n'kuima pakhomo la khitchini. Ndinamufunsa kuti kumeneko akagona kuti, poti achimwene anati amukonzera chipinda kwawo. Anati, “Makiyi aja musawafunsenso, amayi aang'ono. Ndikakhala kwa anganga.” Ananena ngati kuti akakupezani mutakhala pakhonde, ndipo ine sindinamukonze.

Ndiye konzekani, mlendo akubwera. Felemu ya chitseko ndauza achimwene kuti asinthe iye asanafike. Ndikukulonjezani kuti mwanayu sindimutaya, ndiyenda naye mpaka amalize, ndipo ndikadzamuperekeza ku Nkaya ndidzagona naye m'nyumba mwanumo masiku oyambirira kuti asachite mantha. Timakupemphererani nthawi zonse, Mulungu akukhululukireni ndipo akupatseni malo abwino.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Patuma