Apongozi Anga Amauzira Pulagi ya Sensa

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 31, ndimakonza zamagetsi pa fakitale yopanga mapampu a madzi. Nkhani yanga ndi ya makina, koma yalowerera mpaka m'banja, n'chifukwa chake ndathamangira kwa inu.

Miyezi inayi yapitayo tinalandira makina atsopano okanikiza timphete tachitsulo m'mawilo a mapampu. Pansi pa mutu wa makinawo pali sensa yoyeza mphamvu, ya mtundu wa piyezo, yaing'ono ngati chitsekerero cha botolo. Ife timangoti kapiyezo. Ntchito yake n'kuuza makina ngati mphete yalowa ndi mphamvu yoyenera. Kakaona kuti mphamvu yachepa kapena yapitirira, nyali yofiira imayaka, wilo lija n'kugwera m'bokosi la zokanidwa.

Vuto n'lakuti Lolemba lililonse kapiyezo kamapenga. Makina ali chiimire, osakhudza kanthu, manambala pa sikirini amangoyenda okha ngati pali munthu wosaoneka amene watsamirapo. Mawilo abwinobwino amadzaza bokosi la zokanidwa. Pofika Lachitatu kamakhala kayamba kufatsa, Lachisanu ndiye kamwana kabwino. Anzanga a pa layini amati kamamwa Loweruka ndi Lamlungu, ndiye Lolemba kamabwera kuntchito ndi matsire.

Abwana athu a shifiti wolakwa anamupeza kale. Lolemba m'mawa ndi pamene mayi wina, amene tonse timangowatchula kuti Achemwali, amakolopa holo yonse. Abwana akuti madzi awowo ndi amene akusokoneza sensa. Anawachenjeza kawiri, ndipo sabata yatha anandiuza kuti, "Zikachitikanso mwezi uno, ndiuza kampani imene inawatumiza kuno itipatse munthu wina." Achemwali akulera okha adzukulu atatu. Ine sindinaonepo dontho ndi limodzi lomwe pafupi ndi makinawo. Amawalambalala patali ngati amaluma.

Tsono nayi mbali yondisowetsa mtendere. Mkulu wa amakaniko pafakitale pathu ndi apongozi anga, bambo awo a amuna anga. Agwira ntchito pamenepa zaka 26, anthu amawatcha a Sipanala, ndipo ndi iwo amene anandiphunzitsa kumva vuto la makina ndi khutu. Lolemba lililonse m'mawa amayendera makina onse. Akafika pa atsopanowa amamasula pulagi ya chingwe cha sensa, kuiyang'ana powala, kuiuzira kawiri, fuu fuu, kuipukuta ndi chala chachikulu, n'kuibwezera. Mapulagi onse amawachita chomwecho chiyambire. Tsiku lina ndinayesa kufunsa mozungulira: "Bambo, kodi katsopanoka nakonso kamafuna kuuzira?" Iwo anaseka n'kunena kuti, "Mpongozi, makina onse ndi amodzi, mdani wawo ndi fumbi basi. Mpweya wangawu wadzutsapo makina amene mainjiniya anali atawaimbira kale nyimbo za maliro."

Sabata ina iwo anali patchuthi. Achemwali anakolopa monga mwa masiku onse, koma kapiyezo sikanapenge. Ndikawauza abwana zimenezi ndiye kuti ndawavula apongozi pamaso pa amakaniko amene anawaphunzitsa okha, chonsecho Lamlungu lililonse nkhomaliro timakadyera kwawo. Nditawafotokozera amuna anga, anangoti, "Za mawaya ine sindizidziwa, koma adadi ndimawadziwa. Usandiikemo." Pakadali pano ndimadikira apongozi adutse, ine n'kupita mwakabisira kukapukuta pulagi ija ndi mkono wa ovolosi yanga, koma sizikuthandiza. Nditani kuti Achemwali asachotsedwe, inenso ndisathamangitsidwe patebulo la apongozi?

T.N., kufakitale ya mapampu

Mayi T.N.,

Tiyambe ndi kapiyezoko, poti mwa onse amene mwawatchula m'kalata yanu ndi kokhako kamene sikangakwiye.

M'kati mwake muli timiyala timene tikapanikizidwa timatulutsa magetsi. Magetsiwo ndi ochepetsetsa, moti akapeza kampata kalikonse amathawa asanafike ku ampulifaya, bokosi limene limawasandutsa manambala. Chimene chimatseka mipata imeneyo ndi kapulasitiki ka m'kati mwa pulagi. Chinyezi cha mpweya wa m'kamwa, thukuta ndi mafuta a pachala zimayala kanjira pamwamba pa kapulasitikiko. Maso sangakaone, ngakhale mita wamba yoyezera magetsi ya m'thumba mwanu singakapeze. Zotsatira zake ndi zimene mwafotokozazo: manambala oyenda okha, amene amakhazikika pang'onopang'ono chinyezi chikamauma. Mapulagi a makina akale amadutsitsa magetsi ochuluka, choncho kampweya kotere sankakamva n'komwe. Apongozi anu sakunama kuti njira yawo yawathandiza zaka 26. Yangokumana ndi chipangizo cha khalidwe lina.

Inunso lekani lero lomwe kupukuta ndi ovolosi. Nsalu imene yatola girizi sabata yonse ikungowonjezera pa zimene chala chasiya. Pa mlandu umenewu apongozi sali okha.

Komabe musapupulume. Chimene muli nacho ndi ganizo labwino ndi sabata imodzi yokha, ndipo sabata imodzi ikhoza kungochitikira mwangozi. Lolemba m'mawa pamachitika zinthu zitatu nthawi imodzi: kukolopa, kuuzira, ndiponso kuyatsa makina amene azizira masiku awiri. Masensa a mtundu uwu amasunthanso manambala kutentha kukamasintha. Abwana anu asankha chimodzi mwa zitatuzi popanda kuyesa. Inu musachite chimodzimodzi.

Lachisanu likubwerali tsukani pulagi ya chingwe ndi ya sensa ndi mankhwala amene buku la sensayo likutchula. Gwiritsani ntchito kapepala kosasiya ulusi, chala chisafike m'katimo, ndipo muzisiye ziume bwinobwino. Musanalumikize chingwe ku ampulifaya, gunditsani kapini ka pakati ndi chitsulo cha kunja kwa pulagi kuti magetsi otsalira atuluke, angawononge bokosilo. Ampulifaya ikhale itayaka kwa theka la ola. Kenako bwezani manambala pa ziro, makina ali chiimire, muone kuti ayenda bwanji pa mphindi ziwiri, mulembe papepala. Kuyenda pang'ono, mofatsa, ndi chibadwa cha masensa onse a piyezo, musadabwe nako. Inu mukusaka manambala othamanga.

Mukatero aitaneni apongozi paokha, nthawi yopuma masana holo ili zii, mutakonzeratu chingwe chapadera chotsukidwa bwino. Musayambe ndi mawu oti alakwa, koma musawanamizenso. Auzeni kuti ntchito ya Achemwali ili pachiswe, kuti mukukayikira chinyezi cha m'pulagi, ndipo mukufuna mmisiri wamkulu aone nanu limodzi. Werengani manambala chingwe chili choyera. Kenako apempheni auzire ndi kupukuta monga amachitira, mulumikize, muwerengenso. Mmisiri wa zaka 26 akhoza kutsutsana ndi mpongozi wake tsiku lonse, koma ndi sikirini sachedwa kugonja. Lolemba lotsatira Achemwali akolope momasuka, pulagi isakhudzidwe ndi aliyense, inu mulembenso manambala.

Manambala akapanda kusintha atauzira, ndiye kuti amene mwaphonya ndinu. Vomerani mosangalala, muthokoze kuti simunakanene kwa abwana, n'kuyang'ana kwina. Onani ngati chingwe chikugwedezeka makina akamayenda, poti chingwe chogwedezeka chimapanga timagetsi takechake. Chimangirireni, ndipo ngati chinapindika kapena kuphwanyika penapake, sinthani. Yerekezani manambala a m'mawa makina ali ozizira ndi a masana atatentha. Koma bawuti imene yamanga sensayo musaiyandikire ndi sipanala. Inamangidwa ndi mphamvu yoyezedwa, ndipo mukaisuntha muyenera kuyezetsanso sensa yonse.

Zikatsimikizika kuti ndi mpweya, apatseni apongozi mwayi wokanena okha kwa abwana. Lamulo latsopano alilembe ndi dzanja lawo n'kulimata pamakinapo: pulagi ya sensa isamasulidwe popanda chifukwa, ndipo ikamasulidwa ivekedwe kachitsekerero kake nthawi yomweyo. Mudzaona, amene azidzakalipira wouzira mapulagi kuposa aliyense adzakhala iwowo. Amuna anu asiyeni, ananena zoona kuti za mawaya sazidziwa.

Chenjezo langa ndi la nthawi. Abwana anena kuti mwezi uno, ndiye werengani pakalendala kuti patsala ma Lolemba angati. Apongozi akakana kuyesa, kapena akaona manambala koma n'kukana kukanena, auzeni mwaulemu kuti inu mukupita kwa abwana ndi pepala lanu, ndipo mupitedi. Apongoziwo akhoza kukuyankhani moni wa pakhosi kwa milungu iwiri, zimenezo zimatha. Koma Achemwali akangochotsedwa, palibe amene adzawasakesake kukawauza kuti manambala awayeretsa.

Aphungu