Nkhosa ya pa Chiliza cha Bambo

St Mary's, Chitungwiza

Achemwali a Tryphena,

Ndiye amayi atangoluma kamodzi kokha, anabweza nyamayo m'mbale n'kupukuta zala pachitenje, anthu onse pabwalo akuwayang'ana. Pepani, ndayambira pakati ngati woledzera. Moni kaye. Muli bwanji kumudziko, inu, alamu ndi ana? Mwendo wanu uja unasiya kutupa? Ine kuno ndikunenepabe, moti ndikakwera kombi imapendekera mbali yanga. Amayi okha ndiwo sali bwino, n'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba foni. Nyumba yathu mukuidziwa, ukatsokomola kuchipinda anthu a kutsidya ku Zengeza amakupepesa, ndipo izi sindikufuna amayi azimve.

Chiliza cha bambo tinavundukula mwezi wathawu monga tinapanganira. Ine ndinalumbira kuti pamwambowo tidya nkhosa, osati ng'ombe, chifukwa bambo anaweta nkhosa za mzungu kufamu mpaka msana kupindika, koma iwo ankangopatsidwa mutu ndi zam'kati. Ndinati tsiku lawo lokhalo adyeko ntchafu, ngakhale kudzera m'kamwa mwathu.

Paja mukudziwa kuti pamsika wa Huruyadzo ponse palibe wootcha nyama wondiposa. Mundimange nsalu kumaso, mundipatse kachidutswa, ndikuuzani zimene chiwetocho chinkadya, ngakhale dzina la mwini munda umene chinkaba. Luso limeneli ndi la bambo. Ankati nkhosa siibisa kumene yayenda. Ya msipu wauwisi wa dzinja imakhala ndi mafuta achikasu pang'ono, ndipo fungo lake limatsalira m'zala mpaka mawa. Yodya madeya mafuta ake amakhala oyera, olimba, kukoma kwake kofatsa. Koma ya m'tauni muno, yotola masamba a kabichi ndi repu kuseri kwa msika, ikangofika pamoto ngakhale agalu amasamuka.

Choncho ndinagula kankhosa kakang'ono chiliza chisanayambe n'kumangidwa komwe, ndipo ndinakasiya kwa mnzanga Zebron wa ku Unit C, amene ali ndi kakhola kuseri kwa nyumba. Ndinamutulira madeya a chimanga ndi masamba ouma a mtedza, n'kumuuza kuti kasalawe china chilichonse. Kananenepa mpaka kumayenda ngati abusa athu.

Tsikulo titabwerako kumanda tinapha, ine n'kuotcha ndekha, mchere basi. Utsi utangoyamba kukwera, mphuno zanga zinandiuza kuti pali china. Sanali madeya. Chinali chanzi, chitsamba chija kuno amati zumbani. Inu munachoka bambo asanayambe chifuwa chija, koma zaka zawo zomaliza chanzi chinali chilichonse kwa iwo. Ankamwa ngati tiyi, ankafukiza atafunda bulangete, jekete lawo ndi pilo zonse zinali fungo lomwelo. Atamwalira, amayi anadzala kanthambi kake kumutu kwa manda.

Ndinati mwina ndi mphuno zanga zokha, n'kuwasankhira amayi pofewa penipeni. Apa ndi pamene ndinayambira paja. Atabweza nyama ija anati, motsitsa mawu:

"Bambo anu ali m'nyamamu."

Mlamu wanu Marjory anayesa kuwaseketsa, koma iwo anamuuza kuti bambo anapempha ali moyo kuti akagone kwawo, ife n'kuwaika kuno pakati pa alendo, ndiye lero tawapsinja ndi mwala wolemera abwera kudzatikumbutsa. Azimayi a kumpingo anayamba kusiya mbale mmodzimmodzi. Nyama imene ndinaitamanda mumsewu wonse inatsala mulu patebulo, ntchentche zokha n'kumayamikira.

Mawa lake ndinapita kwa Zebron ndi ukali wanga uja umene umathawitsa matsotsi. Anavomera kuti madeya anatha msanga, ndiye ankangokamasulira kankhosako kumanda chifukwa kuli msipu. Ndinapita kukaona, ndipo kuseri kwa chiliza, kumene tsiku lija m'chipwirikiti palibe anayang'anako, chanzi cha amayi chinali chodyedwa mpaka kutsinde. Ndinathamangira kunyumba ndili wokondwa, n'kuwauza amayi kuti asade nkhawa, si mzimu ayi, nkhosa yangodya chanzi cha pamanda a bambo ndipo fungo lalowa m'mafuta monga bambo ankanenera.

Achemwali, kuphunzira kwanga n'kochepa, koma uchitsiru wa tsiku limenelo unali wa digiri. Ife obadwira kuno manda timawadziwa ngati bwalo lopanda mitengo, mbuzi zimadutsamo, anthu amadulamo njira popita kuntchito. Palibe anandiuzapo kuti kwathuko manda ndi nkhalango yosakhudzidwa, yoti ngakhale nkhuni kapena bowa sutolamo, chifukwa chomera pamenepo ndi cha ogonawo. Amayi anandifotokozera zimenezi osakweza mawu, akuyang'ana khoma. Pomaliza anati:

"Ndiye wandidyetsa mwamuna wanga, Sunday."

Chiyambire tsiku limenelo sakudya. Phala amangolawa kunsonga kwa supuni n'kukankha. Miphika yonse imene inakhudza nyama ija anaikana, Marjory n'kubwereka ina kwa anzake, komabe amati fungo lilimo. Amakhala pakhomo tsiku lonse maso ali kumsewu wa mabasi. Ana anga Rutendo ndi Tinashe akawalankhula Chishona, monga amachitira masiku onse, sawayankhanso, ngati chinenerocho sanachimvepo. Chitenje chimene chinkawakwana bwino tsopano chikuzungulira n'kutsala. Kuchipatala anawayeza n'kunena kuti palibe matenda. Abusa anabwera kudzapemphera, amayi anayankha ameni bwinobwino, koma mbale inabwerera momwe inapitira. Akungoti adzadya akadzafika kwawo.

Nanenso sindili monga kale. Ndikamaotcha nyama ya makasitomala, ya ng'ombe yeniyeni, nthawi zina fungo lija limandidutsa pamphuno, ndimatembenuka kuyembekeza kumva chifuwa cha bambo kumbuyo kwanga. Anzanga akuti ndayamba kupsereza nyama, ine amene sindinapserezepo chibadwire.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa amalume mukawafotokozere zonsezi, muwafunse chimene chimachitika kwathuko munthu akadya cha kumanda mosadziwa, ndiponso ngati angawalandire amayi. Ngati mwendo walola, mubwere nokha mudzawatenge. Inu amakumverani. Ine ndikalowa m'chipinda amatembenukira kukhoma.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti ndikadali wokongola kuwaposa. Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa ana anu onse, ndi kwa asuweni athu amene sindinawaonepo koma ndikudziwa kuti amandinyadira. Marjory ndi ana akupereka moni.

Ndimati nditsekere pomwepa, koma amalume sangatithandize ndi nkhani yokhota. Zija ndalemba kuti Zebron anavomera, ndinapeka. Ndinazipeka m'kombi pobwerera, kuti amayi apeze chifukwa wamba choti agwire, ndipo ndazinena kambirimbiri moti dzanja langozilemba lokha. Zoona zake n'zakuti madeya ndinawapeza akadalipo m'thumba. Zebron analumbira pa ana ake kuti kankhosako sikanatulukepo m'khola, ndipo aneba ake anavomereza. Kumanda ndinapitadi. Chanzi cha amayi chili chilili, chafika m'chiuno mwanga, palibe tsamba ngakhale limodzi lolumidwa.

Ndiye amayi akufa ndi njala chifukwa cha bodza langa, ndipo ndikuopa kulichotsa. Ndikawauza kuti nkhosa sinadye pamanda, atsala ndi mawu awo oyamba aja, ndipo ine ndilibe chowayankha, chifukwa m'nyama ija ndinathira mchere wokha. Muwafunse amalume kuti pa ziwirizi amayi ndiwauze chiti. Yankho mum'patse dalaivala wa basi amene wabweretsa kalatayi pobwerera, musadikire mwendo kupola.

Ndine mlongo wanu wopanda nzeru koma wokukondani,

Sunday