Mbale za kwa Mulenga Ndazibweza

Amayi, m'dzina la Mulungu amene anakuitanani, landirani moni. Kodi muli bwanji kumene mukupumulako? Kuno ku komboni ya Kanyama madzi a mvula analowanso m'nyumba kufikira m'mawondo, koma tili amoyo. Mkazi wa Yohane, mwana wanga wotsiriza, wabala mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu.

Chimene ndalembera ndi Tiyeseko, mdzukulu wanga wamkazi, uja munamsiya akukwawa. Tsopano ali kuyunivesite, aphunzira za abuluzi ndi njoka. Akuti m'thupi la cholengedwa chilichonse muli malembo a chibadwa chake, amene ophunzira amati jinomu. Mwa zina ndi ambiri, mwa zina ndi ochepa. Iye afuna kudziwa ngati kuchuluka kwake kutsata makhalidwe a nyamayo: ngati ya mumchenga wotentha isiyana ndi ya kuphiri kozizira, ngati yoikira mazira isiyana ndi mphiri imene ibala ana amoyo. Yankho sanalipeze, ndipo sachita manyazi kutero. Agwira buluzi pakhoma, natengako kadontho ka magazi, namleka apite.

Mnyamata wa ku Kopala, kumigodi ya mkuwa, dzina lake Mulenga, anamfunsira ukwati, ndipo abale ake anadza ndi mbale zovundikira monga mwa mwambo wao. Tinazilandira. Sabata yatha azakhali a Mulenga, Bana Chanda, anadza kudzaona mkamwana. Anatsegula filiji osapempha, napeza timabotolo ta magazi pambali pa nsomba.

"Ba tata, ivi ni vichani?" anandifunsa. "Magazi ya vibuluzi mu nyumba ya Bakristu?"

Tiyeseko anagwada nafotokoza mwaulemu. Pofuna kuwasangalatsa anawauzanso za kanjoka ka m'nthaka konga nyongolotsi, kamene mtundu wake wonse ndi akazi okha, kobereka popanda mwamuna, ndipo malembo ake ali patatu, osati pawiri monga mwa zolengedwa zina. Mayiyo anatuluka osatsazika.

M'mawa mwake anabwera ndi Mulenga pamodzi ndi mneneri wao, kamnyamata kopanda ndevu, ka nsapato zosongoka, konunkha mafuta ngati sitolo ya ku Kamwala. Kanafuula pabwalo langa kuti mwanayu ali ndi mzimu wa njoka. Atenthe timabotoloto, asiye sukulu, apo ayi ukwati kulibe. Munkati, Amayi, mbuli ikavala suti imayesa phokoso ndi nzeru. Ine ndinatumikira mpingo kamnyamatako kasanabadwe, ndipo sindinamvepo kuti zokwawa zinalengedwa ndi wina wosakhala Mulungu. Anthu odumpha ngalande za zonyansa tsiku ndi tsiku osanyansidwa, lero anjenjemera ndi kadontho ka magazi a buluzi.

Ndinafunsa Mulenga maganizo ake. Maso ali pafoni, anati, "Ba shikulu, angoleka chabe ivo vinthu, tikwatilane mu mtendele." Mwamuna wotere ndi bango, nyumba siimangidwa pa iye. Ndinayang'ana Tiyeseko, ndipo anapukusa mutu, misozi ikutsika. Pamenepo ndinalowa kuchipinda, ndinatenga mbale zao, ndi kuziika pamiyendo pa Bana Chanda.

Sindikubisirani, mwanayu anamkonda mnyamatayo, ndipo kufikira lero sadya bwino. Anansi atinena, ena aleka kutipatsa moni. Koma dzulo ananyamula mabuku ake nakwera minibasi ya kuyunivesite.

Mulungu adalitse onse a mbumba yanu, Amayi. Ndikulonjezani kuti pokhala ndili ndi mpweya, mwanayu adzatsiriza maphunziro ake, ndipo womkwatira adzamtenga ndi abuluzi ake omwe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Eliya