Madzi Ofunda a Madamu

Lolemba, 10 Junho 1991
Koluna ya magalimoto yafika bwino, sanaiwombere panjira. Yatibweretsera mchere, sopo, ndi namwino wa ku França. Chipwitikizi chawo n'chodukaduka, dzina lawo latikanika tonse pachipatala pano, ndiye tangoti Madamu.

Lachiwiri, 11
Kuno ku Furancungo kukuzizira koopsa, koma Madamu akudzikupiza ndi kope: "J'ai chaud!" Akuti ndiye kuti ndikumva kutentha. Amatchula "sho". A Cipriano, alonda athu, ali m'bulangete mpaka m'makutu: "Doroteia, mzunguyu ndi malungo, m'patseni mankhwala."

Lachitatu, 12
Ndachita manyazi. Madamu anandituma madzi tiède otsukira chilonda, ine ndabwera ndi owira. Kuviikamo chala, kukuwa: "Brûlant!" Taseka mpaka wodwala yemwe. Ndalemba kuchikuto cha bukuli kuti ndisaiwale: chaud, otentha, tiède, ofunda, brûlant, owotcha. Iwonso alemba athu. Kufunda akuti "kufunga".

Lachisanu, 14
Lero kunalibe kuseka. Kwafika mayi wina, Delfina, wothawa nkhondo, wayenda masiku awiri m'tchire ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Wachira masana. Kamtsikana, kosakwana kilo ndi theka, kozizira ngati mwala wa mumtsinje. Magetsi tilibe.

Madamu anangoti "réchauffer, réchauffer", uku akusisita manja. Ndinamva: tikabwezere kutentha m'thupi. Tinakagoneka pachifuwa pa mayi wake, khungu pakhungu, nkumanga nsalu. Delfina anandifunsa: "Amayi, nanga ndikakafinya?" Ndinati sungakafinye, ngakhale nanenso mtima unali m'mwamba.

Loweruka, 15
Delfina wafooka, tikusinthana kukafungatira. Ine m'mawa, Madamu masana. Atulutsa thumba lawo lamphira lothiramo madzi, bouillotte. A Cipriano akulitcha "buyoti", ndipo alanda udindo wolidzaza. Amayesa madziwo ndi chigongono nkulengeza mokweza, "Tiyedi, shefe!" Bulangete lawo apereka kwa Delfina, iwo akulondera atavala thumba la chimanga loboola pakhosi.

Lamulungu, 16
Mkaka tikukadonthezera ndi sapuni. Kameza pang'ono.

Lachiwiri, 18
Mfuti zimamveka kutali chakumadzulo, koma ife maso pa choyezera kutentha kwa kamwana. 36 ndi theka! Madamu anavina pakhonde, kuvina kopanda chiuno. Akuti anthu a kuno ndife chaleureux, a mtima wofunda. Ndawauza kuti asatitame asanaone mmene timakankhirana pamzere wolandira mchere.

Lachinayi, 20
Kalira! Kulira kwenikweni, kwaukali, mpaka a Cipriano anathamanga ndi ndodo. Kenako kagwira bere kokha.

Delfina anakayang'ana nthawi yaitali. Atatero anandikoka malaya: "Amayi, muli ndi pepala? Koluna ikamabwerera itenge kalata. Amuna anga, a Afonso, ali ku msasa wa othawa ku Malawi. Muwalembere kuti atumize dzina."

Ndang'amba tsamba la m'buku lomweli.