Abambo Akudikira Mtengo wa Boma ku Limbe

Mpingwe, Limbe

Okondedwa achimwene a Melvin,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino ku Joniko, inu ndi alamu anga a Millicent. Kuno ana ali bwino, kungoti dzuwa la Okutobala latiwotcha zedi. Kalatayi ndapatsira a Mikaili oyendetsa basi, chifukwa pafoni ndikanangolira osamaliza nkhani.

Abambo ali kuno kwathu, koma sanabwere kudzacheza.

Chaka chino nandolo anabereka kwambiri kumudzi ku Chiradzulu. Mavenda atafika ndi masikelo awo, anatchula mtengo wachipongwe. Kenaka pa wailesi analengeza kuti boma laika mtengo wake, ndipo ligula lokha kuti alimi asalire. Abambo anakondwa kwabasi. Anauza anzawo a m'kalabu ya alimi kuti asagulitse, m'malo mwake awapatse matumba apite nawo ku Limbe. Anthu anawamvera. Ngakhale mayi Afisa, amasiye oyandikana nafe aja, anapereka nandolo wawo yense.

Atafika pa depoti ya boma anauzidwa kuti ndalama zogulira sizinabwere, adzayesenso mawa. Mpaka lero akungouzidwa za mawa.

Vuto lina linabuka m'nyumba mwanga. Paja mlamu wanu a Ackim amagwira ntchito pasikelo kwa a Hamdani, ogula mbewu mu Limbe. Abambo atamva mtengo umene a Ackim amagulira, anadzuka pa chakudya, nati sangadye thukuta la alimi anzawo. A Ackim anayesa kufotokoza kuti mtengo saika ndi iwo, komanso kuti ogula akunja achepa, koma abambo anangotenga chikwama chawo n'kukakhala pa matumba paja, pafumbi. Ine ndinkawapititsira chakudya pa minibasi, n'kumawatsimikizira kuti ndagula ndi phindu la zitumbuwa zanga.

Sabata yatha kunagwa chizimalupsa. A Ackim anapempha lole kwa abwana awo n'kuthamangira ku depoti. Anawapeza abambo atavula jekete n'kufunditsa matumba a mayi Afisa, eni ake ali chinyowere. Onse awiri anangoyamba kukweza matumba, uyu kugwira uku, uyu uku.

A Hamdani avomera kusunga nandoloyo ulere, ndipo athiramo mankhwala a anankafumbwe, mpaka boma lidzayambe kugula. Tsiku limenelo abambo anadya nafe, ndipo ndinawamva akutchula a Ackim kuti mwana wawo.

Koma achimwene, chifuwa chawagwira, ndipo kumudzi akukana kubwerera. Akuti sangaonane ndi anthu ali chimanjamanja, pamene ndi iwo anawaletsa kugulitsa. Dzulo ndamva kuti anakafunsira ntchito ya ulonda ku Ginnery Corner. Munthu wamkulu ngati amene uja, kumakagona pa geti la eni!

Uku amayi atsala okha, akugalauza munda wonse okha, mvula ili pafupi. Anandiimbira kuti mayi Afisa anabwera kunyumba kudzanena kuti iwo alibe nawo chifukwa abambo, akungofuna abwerere ali moyo. Nditawauza abambo zimenezi, anawerama nthawi yaitali, kenaka anatuluka panja.

Chonde, aimbireni. Ine ndikayankhula amati ndine mwana, koma inu amakumverani. Musawakalipire, ndipo musatchule zowatumizira kangachepe, chifukwa zingowonjezera manyazi. Ingowauzani kuti sanalakwe pokhulupirira zimene anamva, ndiponso kuti matumbawo tiziwayang'anira ndife. A Ackim alonjeza kuti tsiku logula likadzafika, adzakaima pamzere m'malo mwawo.

Mundiperekere moni kwa a Millicent ndi kamwana kathu ka Stacy. Mulungu akusungeni pa ntchito yanu, akutetezeni m'misewu ya kumeneko.

Muimbe pa foni yanga m'mamawa, asananyamuke, chifukwa tsiku lililonse amadzukabe, uku akutsokomola, kupita kukaona ngati geti la depoti latsegulidwa.

Ndine mlongo wanu,
Salome