Nyanja Yafika pa Manda a Bambo

Santa Catarina, São Tomé
14 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Príncipe. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tilipo. Mdzukulu wanu Nelita anadwala malungo, koma tsopano wayambanso kupita kusukulu.

Nkhani yomwe ndalembera kalatayi ndi yolemera, ndiye achimwene a Gervásio akuwerengereni mutakhala pansi.

Inu kuno simunafikeko, choncho ndiyambe ndi mmene tauni yathu inakhalira. Apwitikizi poimanga ankafuna pokwezera koko m'sitima zapamadzi, za anthu sanaziganize. Kutsogolo kuli nyanja, kumbuyo phiri loti njo, ife tinapanikizika pakamtunda kapakati, ndipo mtsinje umadutsa pomwepo. Msewu ndi umodzi, wopita ku Neves, nawonso umayenda monyambitidwa ndi mafunde. Mvula ikagwa kuphiri nyanja itadzaza, madzi amatipeza mbali zonse ziwiri.

Lachiwiri lapitali zinachitika choncho, masanasana, ine ndikuyanika nsomba. Madzi anagwetsa khoma la nyumba yakale yosungiramo koko, n'kupitirira mpaka kumanda. Mpanda wa mbali ya kunyanja kulibenso. Mzere woyamba wapita wonse, manda asanu ndi awiri. Bambo agona mzere wachitatu.

M'mawa mwake ndinapitako ndi amuna anga, apongozi anu a Deolindo. Tinapeza a Quitéria, oyandikana nafe nyumba, akuyenda m'mbali mwa madzi ndi beseni. Ine ndimati akutola nkhono. Anandiuza kuti akufunafuna amuna awo, koma poti sakudziwa kuti fupa lawo ndi liti, angotola lililonse lomwe apeze. Sanalire. Anangoti bambowo ngakhale ali moyo sankakhazikika pakhomo, ndiye asayembekeze kuti angasinthe lero. Ndinalephera kuseka.

A Hipólito, mkulu amene amakumba manda, akuti poika bambo zaka zinayi zapitazo anayenda mapazi makumi atatu kuti afike pamadzi. Pano akuyenda asanu ndi anayi. Asodzi ena amawanyoza kuti akungofuna ganyu yokumba munthu mmodzi kawiri. Iwo anawayankha kuti aseke, koma awoawo adzawakumbira pamchenga penipeni kuti asadzavutike ulendo. Atatembenukira kwa ine anasiya nthabwala. Anati mwezi wamawa nyanja idzadzaza kuposa apa, ndipo iwo sakulonjeza kanthu.

Ansembe a ku tchalitchi apeza malo ena pamwamba, kupitirira minda ya koko. Mabanja anayi asamutsa kale abale awo. Kwa ife akuti sangalole popanda mawu olembedwa a mkazi wa malemu.

Pempho langa ndi limenelo, Amayi. Ndikudziwa kuti bambo, atadwalira kunyumba kwanga kuno, ananena kuti tiwagoneke pafupi ndi madzi, poti sitima yowabwezera kwawo inawachedwera. Ndikudziwanso kuti inu munati wogona sadzutsidwa. A Deolindo anafuna kukakumba osakuuzani, ine ndinakana. Koma madzi akatayika saoleka. Lembani mawu awiri okha, mudinde chala, mutumize pa sitima yoyamba. Paphiripo nyanja imaoneka yonse, ndinakwerapo kukaona ndekha.

Dzulo ndinadutsanso kumandako. Mitanda ya mzere wachiwiri yayamba kupendekera kunyanja, ndipo pansi pake pakumveka mphako munthu akaponda.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali a Zulmira, ndi kwa ana onse. Nelita akuti mumutumizire tsabola wa pakhomo panu.

Mukakana sindikumba, eni ake ndinu. Kungoti pa tsiku lokumbukira akufa chaka chamawa, kandulo yomwe mumatumiza ija sindikudziwa kuti ndidzakaiyatsa pati.

Ine mwana wanu,
Ermelinda