Mapiritsi a mwamuna wanga ndikumupatsira mobisa m'khola

Aphungu,

Mundikhululukire ngati kalembedwe kanga sikali bwino. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale mayi anga atayamba kudwala. Kalatayi ndailemba katatu papepala ndisanaikopere pa foni, ndipo mayina ndawasintha. Ndili ndi zaka 22. Ndinakwatiwa chaka chatha, ndipo tikukhala ndi makolo a mwamuna wanga Witek pa famu ya ng'ombe za mkaka.

Kumayambiriro kwa mwezi uno Witek ankakonza mpanda wa waya m'mphepete mwa nkhalango. Posamba anapeza nkhupakupa kuseri kwa bondo. Ndinaizula ndekha bwinobwino, mutu wake sunatsalire. Patatha masiku khumi, pamalopo panatuluka chibanga chofiira chozungulira ngati mphete, chomakula tsiku ndi tsiku. Iye ankangoseka, n'kunditchula dzina lake lachikondi, kuti, "Kachule kanga, nkhupakupa nayonso yandiveka mphete. Wapeza mkazi mnzako." Ine sindinaseke. Ndinamukoka mpaka kuchipatala. Adokotala atangoona anati ndi matenda a nkhupakupa otchedwa Lyme, ndipo analemba mapiritsi a doxycycline a milungu itatu, limodzi m'mawa, lina madzulo.

Ku sitolo ya mankhwala kunali mzere wautali. Mayi wogulitsa ananena zinthu zingapo mofulumira, maso ali pa kompyuta. Ndinangotolapo mawu oti "dzuwa" ndi oti "madzi ambiri". Abambo ena kumbuyo kwanga ankadandaula kuti basi iwasiya. Ndinachita manyazi kufunsanso, ndinangoti zikomo n'kutuluka. Kapepala ka m'bokosi zilembo zake n'zazing'ono ngati nyerere, ndipo mawu ake ndi a anthu ophunzira.

Piritsi loyamba anamwa Lachiwiri m'mawa. Pofika masana ankanjenjemera mpaka mano kugundana, kunja kukutentha. Thupi linali moto, mfundo zonse zikuphwanya, mphete ija itafiira kuposa kale. Ndinamufunditsa mabulangete awiri n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Anati, "Usandiyang'ane ngati ng'ombe yoti ikaphedwe, iwe. Ndikadalipo." Pofika Lachinayi kunjenjemera kunatha. Koma piritsi lililonse linkamuchititsa nseru, ndiye ndinayamba kumupatsa pamodzi ndi mkaka wofunda wothira uchi, monga mayi anga ankatichitira tikadwala. Nseru inachepadi.

Kenako inakwana nthawi yomweta udzu wa ng'ombe. Mukudziwa kuti kukangowala palibe amene amakhala m'nyumba. Lachisanu, Loweruka ndi Lolemba Witek anaswera pa thalakitala yathu yakale yopanda denga. Munthu ameneyu dzuwa silimuvutitsa chaka chilichonse. Ulendo uno kuseri kwa manja, mphuno ndi makutu zinapsa ngati wathiridwa madzi owira. Padzanja lamanja patuluka matuza. Akamalumikiza makina okamira amachita kuluma mano.

Lolemba lomwelo pa chakudya chamadzulo m'pamene m'nyumba munagawanika. Amayi ake anati, "Mwana wanga anapita kuchipatala akuyenda yekha ndi kabanga kamodzi, lero taonani. Mankhwala anji ophika munthu?" Abambo ake, amene anagwira ntchito m'nkhalango zaka makumi atatu, anayankha kuti, "Iwe Teresa, ukudziwa chiyani? Akamapweteka ndiye kuti akugwira ntchito, tizilombo tikufa. Mnzanga Kazik anabuula mwezi wathunthu." Amayi anati, "Kazik wakoyo si uja akuyenda ndi ndodo lero?" Atatero anatenga bokosi la mapiritsi, kulitsekera m'kabati ya mbale za alendo, kiyi n'kuika m'thumba mwawo.

Aphungu, ine sindinatsutsanepo ndi apongozi anga. Amandikonda. Diresi la ukwati anandisokera ndi iwowa, mayi anga atamwalira. Koma adokotala anati milungu itatu. Kapaketi kamodzi kanali kale m'thumba la epuloni yanga, ndiye ndikumupatsa mobisa m'khola pa nthawi yokama, m'mawa ndi madzulo, n'kumutungira mkaka m'thanki kuti atsitsire. Iye akameza amati, "Tabwereranso pa chibwenzi chobisa." Ine ndikalowa m'nyumba ndimalephera kuwayang'ana amayi kumaso.

Lero ndi Lachinayi, tsiku lakhumi. M'thumba mwatsala mapiritsi anayi, akutha Loweruka m'mawa. Manja ake sakupola, ndipo akutopa msanga. Kodi ndikumuvulaza mwamuna wanga ndi manja angawa? Kapena abambo akunena zoona kuti kupweteka ndiko kuchira? Nanga Loweruka likafika ndikapemphe bwanji kiyi? Nambala yanga ndailemba m'munsimu.

J.W., Sokółka

Mwana wanga J.W.,

Kalata yako sinali yodikira tsiku losindikiza, n'chifukwa chake ndinakuimbira tsiku lomwelo. Zimene ndinakuuza ndazilembanso pano, chifukwa nyengo ino bokosi ngati limeneli lili m'nyumba zambiri. Ine si dokotala, koma ndisanakuimbire ndinafunsa kaye dokotala.

Sukumuvulaza mwamuna wako. Pa anthu anayi a m'nyumbamo, amene wagwira mawu a dokotala ndiwe. Matenda amenewa akalekedwa pakati amatha kudzatulukira m'mawondo, m'mitsempha, ngakhale mumtima. Unachita bwino kusalekeza.

Koma mavuto a Witek ndi atatu osiyana, ndipo kwanuko mwawaika m'thumba limodzi. Kunjenjemera kwa tsiku loyamba kuja kumachitikadi kwa anthu ena mankhwala akangoyamba kupha tizilombo. Kumabwera mkati mwa tsiku limodzi, n'kutha pakapita tsiku kapena awiri. Pamenepo pokha apongozi ako aamuna akhoza. Pa tsiku lakhumi nyimbo yawoyo yatha ntchito. Munthu sachira chifukwa chobuula.

Manja opsawo si tizilombo tikufa ayi. Mankhwala amenewa amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndipo mwina n'zimene mayi wa kusitolo uja ankakuuza. Popeza patuluka matuza, dokotala awaone mawa m'mawa, osati udzu ukatha. Alipo mankhwala ena a matenda omwewa osalimbana ndi dzuwa, ndipo ndi dokotala yekha amene angasankhe kusintha. Pakadali pano Witek atsike pa thalakitala. Akatuluka panja avale chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi magolovesi. Matuzawo asawaphulitse. Udzu amwete abambo ake kapena mnansi, inunso mudzamuthandiza nyengo ina.

Tsopano za mkaka. Ndikudziwa kuti unauthira ndi chikondi, koma uleke. Mkaka, chambiko ndi tchizi zimagwira mankhwalawa m'mimba, ena osalowa m'magazi. Pakhale maola awiri kapena atatu pakati pa piritsi ndi chilichonse cha mkaka. Nseru ithetse ndi buledi, mbatata kapena msuzi wa nkhuku. Amwere madzi odzaza tambula, ndipo asagone pansi mpaka patapita theka la ola. Mowa asaukhudze. Usadzizunze ndi zimene zachitika kale, koma ukamuuze dokotala zoona zake, kuti kwa sabata yathunthu wakhala akumwera mkaka. Akuyenera kudziwa zimenezi kuti aone chochita. Udziwenso kuti kutopa ndi kuphwanya kwa thupi kumatha kutsalira milungu ingapo mapiritsi atatha, osati chifukwa choti mankhwala alephera.

Za kiyi, usakapemphe wekha, ndipo usakapemphe Loweruka. Witek si mwana woyamwa. Nthabwala zake zandiseketsa, koma wakusiyira katundu yense iwe, iye n'kumameza mobisa ngati mwana wakuba shuga. Lero lomwe akhale pansi ndi amayi ake, iwe uli pambali pake, awauze yekha kuti mankhwala sanasiye. Adzakwiya, mwina adzalira. Apirire. Mayi amenewa si mdani wako. Anaona mwana wawo akupsa, ndipo pa zimenezo anaona zoona. Uwauze choncho: "Amayi, munaona bwino, manjawa ndi mankhwala. Tiyeni mawa mukawafunse nokha adokotala." Bokosi lija alinyamule okha popita. Munthu amene wamva ndi makutu ake sabisanso kiyi, ndipo msuzi wa nkhuku uja uwasiyire iwowo aphike.

Iwenso, lembatu mafunso ako papepala. Dokotala kapena wogulitsa mankhwala akathamanga, unene kuti, "Pepani, sindinamve, bwerezani pang'onopang'ono." Imeneyo ndi ntchito yawo. Wa kumbuyo kwako adikire, basi ina ibwera. Kalata yako ndi yomveka kuposa zambiri zimene ndimalandira kwa anthu a madigiri, ndiye za sukuluzo usandiuzenso.

Chenjezo langa ndi ili. Ukaona mbali imodzi ya nkhope yake yagwa, mtima ukugunda modumphadumpha, akukomoka kapena kubanika, mutu ukuwawa kwambiri khosi litauma, sakuona bwino, milomo yatupa, zidzolo zabuka thupi lonse, kapena akutsegula m'mimba mosalekeza, imba 112, nambala yoitanira ambulansi, nthawi yomweyo. Usadikire kuti kukama kuthe, ndipo usapemphe chilolezo kwa munthu aliyense m'nyumbamo.

Aphungu